Chipewa chimene mafunde sanachitenge

Lachitatu lapitali mayi wina wachitsikana, mimba yake yoyamba, anandigwira dzanja ndisanamuike kachipangizo ka sikani pamimba. Anagwira mwamphamvu ndithu, zala zikunjenjemera.

"Adokotala, pepani. Chimene mukufuna kulowetsa m'mimbamu n'chiyani? Apongozi anga akuti makinawa amathira magetsi mwa mwana."

Ndakhala ndikuunika amayi oyembekezera kwa zaka zingapo tsopano, ndipo funsoli limabwera kawirikawiri. Ena amati mwana apsa, ena amati abadwa wosamva. Sindiliseka ayi, chifukwa ndi funso la munthu woganiza bwino: chinthu chikamaona m'kati mwa thupi, ndiye kuti pali chimene chalowamo. Koma nthawi zonse ndikalimva, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, m'maso mwanga mumabwera chipewa chofiira chikuyandama panyanja ku Nkhotakota. Papita zaka zoposa 20, chipewacho chinang'ambika kalekale, koma mmawa umenewo sundichoka.

## Mmawa wokaonjola matchera

Ndinali ndi zaka 12. Inali nyengo yozizira, ndili kwa malume kugombe. Tinanyamuka kusanache. Iwo anali atatchera matchera dzulo lake madzulo, patali ndithu, pomwe mitengo ya kumtunda imaoneka ngati udzu. Chizindikiro chawo chinali chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chomangidwa ku chingwe chokhala ndi mwala pansi. Nyanja inali bata lokhalokha, yosalala ngati mafuta m'mbale. Kunalibe ngakhale kamphepo kogwedeza malaya.

Malume anayamba kukoka ukonde, ine ndikukapa madzi. Kenaka bwato linakwera. Silinagwedezeke ayi, linangokwera pang'onopang'ono ngati pali wina pansi walinyamula pamsana, n'kutsikanso. Patapita kanthawi linakweranso. Nditayang'ana kummwera ndinaona mizere ya madzi ikubwera, ngati mizere ya m'munda wa chinangwa koma italiitali ndi yotalikirana, yopanda thovu, yopanda phokoso. Ndikusuzumira choncho bwato linapendekeka, chipewa changa n'kugwera m'madzi, chagada ngati kambale, pafupi ndi chigubu chija. Chinali chipewa chimene bambo anandigulira ku Lilongwe, ndipo ndinali ndisanachivale ngakhale mwezi.

"Malume, chipewa! Chikupita!"

"Kapa madzi."

"Mafunde achitenga!"

"Sichipita kulikonse, mphwanga. Tichipeza pompo. Kapa madzi."

Sakanasiya ukonde theka uli m'madzi, kampango atadzikulunga nawo. Ndiye ndinangokhala, dzanja likukapa, maso ali pachipewa, misozi ili lengelenge. Ndipo ndinaona chinthu chimene mpaka lero ndingathe kuchijambula. Funde likafika, chipewa chinkakwera n'kusunthira kutsogolo pang'ono, ngati chatsimikiza zonyamuka. Nsonga ya funde ikangodutsa, chinkatsika n'kubwerera mmbuyo. Funde lija linkapitirira ulendo wake, chipewa n'kutsala pambali pa chigubu. Linabwera lina, chimodzimodzi. Kukwera, kutsogolo, kutsika, mmbuyo. Ndinayamba kuwerenga mafunde odutsa pansi pake, ndipo nditapyola 100 ndinasiya. Onsewo anapita kumpoto ndikuwaona. Palibe limodzi lomwe linachinyamula.

Malume atamaliza anapalasa kangapo, n'kuchitola ndi nsonga ya nkhafi. Chinali chitasunthako, koma mamita ochepa chabe. Anandipatsa chikukha madzi osanena kanthu. Kenaka anayang'ana kummwera kwa nthawi yaitali.

"Lero sititcheranso. Gwira nkhafi, mwera uli m'njira."

"Koma malume, kulibe mphepo."

"Mafunde awa si a pano. Kummwera kwaomba usiku wonse. Awa abwera kudzatiuza."

Dzuwa lisanafike paliwombo nyanja yonse inali itayera ndi thovu, mchenga ukulasa miyendo pagombe, amuna akukokera mabwato kumtunda kwenikweni.

## Madzi a kummwera anatsala kummwera

Kwa zaka zambiri ndinkazisunga ngati nkhani ziwiri, ya chipewa ndi ya malume kulosera mwera. Ndinazindikira mochedwa kuti ndi nkhani imodzi.

Madzi enieniwo akanakhala kuti ndi amene anayenda kuchokera kummwera, chipewa chikanapita nawo limodzi. Chimene chinayenda ndi mphamvu. Mphepo inakankha madzi a kutali uko, madziwo anakankha oyandikana nawo, amenewonso anakankha ena, mpaka kukankhako kunafika pansi pa bwato lathu. Zili ngati anthu akamapatsirana njerwa pomanga tchalitchi: njerwa imayenda mzere wonse, koma munthu aliyense ali pamalo pake, amangotembenuka uku ndi uku. Kwathu ku Nkhotakota timaziona chaka chilichonse m'dambo la mpunga. Mphepo ikadutsa, funde limathamanga kuchokera kumapeto a munda kukafika kumapeto ena, koma palibe phesi ngakhale limodzi lomwe lazuka.

M'madzi akuya, kadontho kalikonse kamangoyenda mozungulira: m'mwamba ndi kutsogolo pansonga ya funde, pansi ndi mmbuyo pachigwa chake. N'zimene chipewa chinkachita. Kuzungulirako sikutsekeka bwinobwino, ndiye kamasuntha pang'ono ndi funde lililonse, n'chifukwa chake tinachipeza chitasendera. Ukamatsika pansi kuzungulirako kumachepa msanga, ndipo ukafika pakuya kofanana ndi theka la kutalika kwa funde kumakhala kutangotsala pang'ono kutheratu. Ngati kuchokera pansonga ina kufika pansonga yotsatira pali mamita 20, ndiye kuti mamita 10 pansi pake nsomba zikusambira mwamtendere, pamwamba bwato likuvutika.

Tili Folomu 3 aphunzitsi a Fizikisi anabweretsa chingwe m'kalasi. Anamanga kansalu pakati pake, mnyamata wina anagwira kumapeto, iwo n'kugwedeza. Funde linathamanga m'chingwe, kansalu kanangokwera n'kutsika. Ndinalemba m'kope, ndinaloweza, mayeso ndinakhoza. Koma sizinandifike m'mutu kuti kansalu kaja ndi chipewa changa. Izi zimandiwawa ndikaziganiza. Sukulu yathu inali pafupi ndi nyanja moti mwera ukaomba tinkamva mkokomo wake m'kalasi, ambiri mwa ife tinali ana a asodzi, koma tinaphunzira za mafunde ngati zinthu za m'buku zochokera kutali. Ola limodzi pagombe, ndi chigubu chimodzi chopanda kanthu, likanatitsegula maso tonse.

## Zimene malume ankawerenga

Funde lili ndi zinthu zitatu zoyeza. Pali msinkhu wake, kuchokera pachigwa kufika pansonga. Pali kutalika kwake, kuchokera pansonga ina kufika pa inzake, kumene mabuku amati wavelength. Ndiye pali kubwera kwake pafupipafupi, kuti pa sekondi imodzi padutsa nsonga zingati, kumene amati frequency. Ukachulukitsa ziwiri zomalizazi umapeza liwiro la funde. Lamulo limeneli ndi la funde lililonse, la m'madzi, la m'chingwe, la mawu, la wayilesi.

Koma mafunde a m'madzi akuya ali ndi khalidwe lawo: lalitali limathamanga kuposa lalifupi. Ukawerenga masekondi pakati pa nsonga ziwiri, n'kuchulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, kenaka ndi 1.56, umapeza kutalika kwa funde m'mamita. Masekondi 3 ndiye funde la mamita 14, lothamanga makilomita pafupifupi 17 pa ola. Masekondi 6 ndiye funde la mamita 56, ndipo nsonga zake zimathamanga makilomita pafupifupi 34 pa ola. Pomwe mphepo ikuomba pamakhala chisokonezo, mafunde aakulu ndi aang'ono, aatali ndi aafupi, onse pamodzi. Akachoka pamenepo amasankhika okha pa ulendo. Aatali amatsogola, aafupi amatsalira n'kutha mphamvu m'njira. Ndiye amene amafika kutali, kumalo komwe kudakali bata, ndi aatali osalala aja, opanda thovu, okweza bwato pang'onopang'ono. Malume sankadziwa za 1.56, koma thupi lawo linkadziwa kuti bwato likamakwera mochedwa chonchija pa tsiku lopanda mphepo, kwinakwake kwavuta.

Kuti funde likule pamafunika mphepo yamphamvu, yoomba nthawi yaitali, pa madzi a mtunda wautali. Nyanja yathu ili ndi zonsezi. Ndi yaitali makilomita opitirira 560 kuchokera kummwera kufika kumpoto, ndipo mwera umaomba motsata kutalika komweko, nthawi zina masiku angapo osapuma. Funde lobadwira cha ku Mangochi limakhala ndi msewu wautali wokulira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna mnyamata aliyense wolowa m'bwato atachidziwa. Mphamvu ya funde sikula mofanana ndi msinkhu wake. Msinkhu ukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Ukawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza ka 9. Diso limati "akula pang'ono chabe," pamene chimene chikubwera kudzamenya bwato chakula kwambiri. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, yatsopano ndithu, inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi cha ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Funde silinyamula madzi kuchokera kutali, koma zimene limanyamula zimatha kugubuduza sitima yachitsulo.

## Pagombe nkhani imasintha

Ndikaganiza bwino, mwana uja wa zaka 12 sanalire popanda chifukwa. Mafunde onse amene ndinkawadziwa anali a pagombe, ndipo pagombe funde limanyamuladi zinthu. Limakubweretsera bango, limakulanda sopo.

Funde likafika posaya, madzi sakhalanso ndi malo ozungulira, pansi pali mchenga. Limachepetsa liwiro. Nsonga za kumbuyo zimayandikira za kutsogolo, funde limafupika n'kukwera msinkhu, mpaka nsonga imapitirira tsinde lake n'kugwa chamutu. Nthawi zambiri limasweka pomwe kuya kwa madzi kwangoposa pang'ono msinkhu wake. Pamenepo ndiye madzi amathamangadi kukwera mchenga, ndipo mphamvu yonse imene yayenda usiku wathunthu imathera mu thovu, mkokomo ndi kukokolola gombe.

Kuchedwa komweku n'kumene kumakhotetsa mafunde. Mwera umachokera chammbali, koma ukaima pagombe umaona mafunde akubwera pafupifupi molunjika kwa iwe. Mbali ya funde imene yayamba kufika posaya imachedwa, mbali yomwe idakali pakuya imathamangabe, ndiye mzere wonse umakhota ngati ngolo imene ng'ombe imodzi yatopa.

## Funde losaoneka

Zonsezi zinalumikizana m'mutu mwanga tsiku lina ndikuphunzira ntchito ya sikani. Aphunzitsi athu ankafotokoza kuti makinawa satumiza kanthu kogwirika m'thupi, amangogwedeza minofu, ndipo kugwedezekako kumapatsirana. Ndinasiya kulemba. Ndinali m'bwato muja.

Mawu nawonso ndi funde, kungoti kayendedwe kake n'kosiyana. M'chingwe kansalu kamakwera ndi kutsika pamene funde likupita kutsogolo. M'mawu, mpweya umakankhidwa kutsogolo n'kubwerera mmbuyo motsata njira yomwe funde likulowera, kupanikizana ndi kumasuka, kupanikizana ndi kumasuka. Mpweya wa m'kamwa mwanga sufika m'khutu mwanu. Nthaka imatha kunyamula mitundu iwiri yonseyi. Chivomerezi chikachitika, ngati zija zinagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009, funde lokankha limathamanga kwambiri n'kufika koyamba, logwedezera mmbali limatsatira, ndipo pa kusiyana kwa nthawi kumeneku akatswiri amadziwa kuti chayambira patali bwanji. N'chimodzimodzi ndi mphenzi. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, mawu mumpweya mamita 343 okha, ndiye masekondi atatu alionse pakati pa kung'anima ndi bingu ndi kilomita imodzi.

M'madzi mawu amathamanga kwambiri, mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi, ndipo m'minofu ya munthu pafupifupi 1,540. Khutu la munthu limamva kugwedezeka koyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Kachipangizo kamene ndimaika pamimba kamagwedezeka ka 3 miliyoni mpaka ka 5 miliyoni pa sekondi, n'chifukwa chake palibe amene amakamva. Gwiritsani ntchito lamulo lija la liwiro la funde ndipo mupeza kuti funde lake ndi lalifupi zedi, pafupifupi theka la milimita kapena kucheperapo. Kufupikako ndiko kumatithandiza kuona tinthu ting'onoting'ono, popeza funde silitha kuonetsa bwino chinthu chochepa kuposa ilo. Vuto n'lakuti lalifupi kwambiri limatha mphamvu msanga, silifika patali. Ndiye tsiku ndi tsiku ndimasankha: kuona mwatsatanetsatane pafupi, kapena kuona mwachimbuuzi patali.

Makinawo amatumiza kamawu kakafupi n'kukhala chete kumvetsera. Funde likafika pamalire a zinthu ziwiri zosiyana, gawo lina limabwerera, ngati mmene mawu amabwerera ukafuula pafupi ndi phiri. Kuchokera pa chinthu chomwe chili masentimita 10 m'kati, yankho limabwera gawo limodzi mwa magawo 7,000 a sekondi lisanathe. Makina amayeza nthawiyo n'kudziwa kuya kwake. Fupa limabweza kwambiri, limaoneka loyera. Madzi amene mwana amakhalamo sabweza kanthu, amaoneka akuda. Mafuta ozizira aja timapaka pamimba si mankhwala. Ntchito yake ndi kuchotsa mpweya pakati pa kachipangizo ndi khungu, chifukwa kampata kakang'ono ka mpweya kamabweza pafupifupi funde lonse lisanalowe. Njira imeneyi inayamba kukhazikika ku Glasgow, komwe dokotala wa amayi Ian Donald ndi anzake analemba za iyo mu 1958.

Mantha a apongozi aja sanachokere kumwamba. Akuluakulu anamvapo kuti mayi woyembekezera asamajambulidwe ekisire wamba, ndipo zimenezo n'zoona. Ekisire, imene Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, ndi funde la mtundu wina, m'bale wake wa kuwala ndi wayilesi, losasowa madzi kapena mpweya kuti liyende, ndipo mphamvu yake imatha kuvulaza maselo. Makina onse awiri ali m'chipatala, onse amaona m'kati, nanga munthu wa kumudzi awasiyanitse bwanji ngati ife sitinamuuze? Komanso sindinamiza mayi aliyense kuti palibiretu chimene chimalowa. Mphamvu imalowa, yochepa kwambiri, ndipo ukakhalitsa pamalo amodzi imatha kutenthetsako pang'ono. N'chifukwa chake sitiunika mongosewera, timaona zofunika n'kuchotsa. Ndinaona mwera ndili mwana, sindingapeputse funde.

## Apongozi analowa

Mayi uja sindinamuuze za mamiliyoni ndi mamilimita. Ndinaika kachipangizo pambali n'kumufunsa kwawo. Anati ku Salima, kufupi ndi nyanja.

"Munayamba mwaonapo chigubu cha asodzi chikuyandama pakati, mafunde akudutsa?"

"Eee."

"Chimapita nawo?"

Anaganiza kaye. "Ayi. Chimangovina pompo."

Ndinamuuza kuti ndi zomwezo. Kachipangizoka kamalankhula ndi mawu aang'ono kwambiri, osamveka, mawuwo amadutsa m'thupi monga funde limadutsa pansi pa chigubu, akagunda pa mwana amabwerera, ife timangomvetsera. Magetsi amathera m'makina, samufika. Ndinamupempha dzanja, ndinapaka mafuta pamkono pake, ndinaikapo kachipangizo kuti amve yekha. Anadikira, nkhope ili gwa.

"Sindikumva kanthu. Kuzizira kokha."

Anagona, anakweza bulauzi yekha. Pagalasi panabwera mdima, kenaka mzere woyera wopindika wa mutu, kenaka msana ngati mikanda. Pakati pa chifuwa kanthu kanali kuphethira mofulumira. Ndinayeza, mtima unkagunda ka 146 pa mphindi, bwino lomwe. Mimba inali itakula mokwanira, ndiye ndinatsegula mawu kwa kanthawi kochepa. Phokoso limene timamva pamenepo si la mtima weniweniwo. Chinthu chikamabwera chakuno, mafunde obwerera amapanikizana, chikamapita uko amatambasuka, monga hutala ya minibasi imasintha kamvekedwe ikakudutsa pamsewu. Christian Doppler anafotokoza zimenezi mu 1842. Makina amatenga kusinthako n'kukusandutsa mawu oti khutu limve. Chipinda chonse chinadzaza ndi kugunda kuja, kofulumira ngati ng'oma yaing'ono.

Mayiyo anagwira pakamwa. Kenaka anati, "Adokotala, apongozi ali panja pabenchi. Angalowe?"

Analowa mayi wachikulire, nsalu yakuda m'chiuno, kachikwama atakapanira kukhwapa. Anakana mpando. Anaima kumapazi a bedi, maso pagalasi, mpongozi wawo akuwafotokozera za chigubu mofulumira, mawu akuphatikizana. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndiye mukuti mawuwo amapita n'kubwerako?"

"Amabwerako, amayi."

"Onse?"

"Onse ayi. Ena amathera m'njira, ngati mmene mawu a munthu woitana kutsidya amathera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anasendera pafupi, n'kuloza pagalasi ndi chala chimodzi osalikhudza.

"Ichi ndi chala?"

Chinali phazi. Ndinatembenuza kachipangizo pang'ono kuti aone zala zonse zisanu, ndipo anaziwerenga mokweza, chimodzichimodzi.